Mkeka Woti Saimi Apondepo

Tampere,
Lamulungu lachiwiri la Marichi

Okondedwa achemwali a Aune,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Veikko. Bondo lija likuti bwanji ndi kuzizira kwa chaka chino? Ndinamva pa wailesi kuti kwathuko ku Puolanka chipale chofewa chafika m'mawindo. Musamakwere nokha padenga kukachikokolola, ana alipo. Ine kuno ndili bwino. Ndikudya, ndikugona pang'ono, ndipo ku galaja ya mabasi ndikupita tsiku lililonse. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa mukundidziwa, pa foni ndimangoti eya, eya, kenako n'kuyamba kufunsa za nyengo.

Chiikire maliro a alamu anu a Irja, ine ndi inu sitinayankhulane bwinobwino. Ndili ndi pempho limodzi. Koma ndiyambe ndakuuzani za tsiku lomaliza limene ine ndi iwo tinakhala monga mwa masiku onse, chifukwa pempholi likuchokera pamenepo.

Linali Loweruka kumapeto kwa Ogasiti, madzi asanayambe kuluma manja. Tinanyamula mikeka yonse ya m'nyumba kupita nayo kunyanja, pa matebulo ochapira paja. Ine ndinkakwecha ndi bulashi, iwo ankathira madzi ndi kundiuza pamene ndasiya. Titafika pa mkeka wa kukhitchini, uja wa nsanza munatiwombera pa ukwati wathu, anautukula n'kuuyang'anitsa padzuwa. Pakati pake panali mabowo awiri oyandikana.

Amvekere, “Abambo ake Saimi, taonani mapazi a mwana wanu. Wadya mkeka wa azakhali ake.”

Ndinati mwina ndi mbewa. Iwo anati mbewa yoimba mawu okwera chonchija sanaionepo. Kenako anati chisanu chisanafike tikulembereni kuti mutiwombere wina, pakuti nsanza m'nyumba mwathu zilimo zokwanira, kuyambira ndi buluku langa lofiirira lija. Ndinati bulukulo likadali ndi moyo. Amvekere, “Linamwalira Saimi ali ku pulayimale. Kungoti palibe anakuuzani.”

Pobwerera tinaima pamsika kudya soseji yakuda titaimirira. M'galimoto anaika nyimbo za gulu la Saimi, zija zaphokoso. Ankamenya chala pa bondo, maso ali otseka. Pamalo pena anati, “Apo wapuma mochedwa. Tabwezerani.” Ndinabwezera. Anamvetseranso, n'kuti, “Ayi, sanachedwe. Wachita dala. Mwana ameneyu!” Anaseka okha mpaka tinafika. Madzulo tinakoleza moto mu sauna, kanyumba kathu kosambiramo nthunzi, mikeka ikudontha panja. Lolemba lake anagwa pa mpando wa limba m'tchalitchi, akukonzekera nyimbo za maliro a munthu wina. Zotsalazo mukuzidziwa.

Ndakuuzani za m'galimotozi chifukwa nkhani ya Saimi mukuidziwa mbali imodzi, ndipo si vuto lanu.

Mukukumbukira kuti amake anayamba kumuphunzitsa kuimba asanadziwe n'kumanga nsapato komwe. Ankamuimika pa mkeka uja, wopanda nsapato, msana uli chilili. Ankati mawu amayambira kumapazi, ndipo munthu amene sakumva pansi pamene waponda amaimbira pakhosi ngati tambala. Mabowo aja anachokera pamenepo. Kenako anapita ku sukulu yaikulu ya zoimba ku Helsinki, zaka zonse zija, kuphunzira nyimbo za opera, zisudzo zoimba zija, m'Chitaliyana ndi m'Chijeremani. Inunso munabwera pa tsiku limene ankamaliza maphunzirowo, munalira, ndikukumbuka.

Chimene sitinakuuzeni n'chakuti atamaliza anayenda m'mizinda ya ku Germany kukamvedwa m'nyumba za opera. Akuti paliponse ankapeza atsikana atadzaza khonde, onse odziwa kuimba, onse atavala zakuda. Ukalowa, usanafike n'pakati pa nyimbo, wina kumdima akuti zikomo, tidzakuitanani. Palibe anamuitana. Anabwerera kuno n'kumaimba pa maukwati ndi pa maliro. Sankadandaula, koma ankaoneka ngati nyumba imene azimitsa magetsi.

Ndi pa maliro pomwepo pamene anakumana ndi Otso. Agogo a Otsoyo ndiwo ankaikidwa. Munamuona pa maliro athu, ndi uja wamkulu ngati chitseko, ndevu zofika pachifuwa, amene anasenza nawo bokosi kutsogolo. Munandifunsa kuti ndi ndani, ine sindinayankhe bwino. Masana amagwira ntchito ku sukulu ya mkaka, kupukuta ana mamina ndi kuwamanga zipewa. Akaweruka amapeka nyimbo. Nyimbo zake zili ndi mavayolini, malipenga ndi kwaya, monga za opera, koma pansi pake pali magitala ndi ng'oma zomveka ngati sitima ikudutsa pa mlatho. Mnzake wina amabangula ngati chilombo. Iwo amati ndi metali. Chimene chinkasowa ndi mawu a mkazi oti aziyenda pamwamba pa zonsezo, ndipo Otso anati anawamva tsiku limenelo ali chilili pafupi ndi bokosi la agogo ake.

Amake Saimi atamva anakwiya kwambiri. Ankati sanasamale mtengo wa maapulo zaka zonsezi kuti wina adzauwaze nkhuni. Ndi nthawi imene ankakuimbirani foni pafupifupi tsiku lililonse, mukulira nonse awiri. Zimenezo munazimva, ndipo zinali zoona. Koma zimene zinachitika pambuyo pake simunazimve, chifukwa a Irja sanali munthu woti angaimbe foni n'kunena kuti ndasintha maganizo. Pa chimenecho inu ndi iwo munali ofanana, musakwiye.

Lachinayi lina Saimi anabwera kudzadya nafe supu wa nandolo, mawu atatheratu. Ankangonong'ona. Vuto linali ili: ku opera amawaphunzitsa kudzaza holo yonse ndi chifuwa chokha, popanda maiki. Ndiye iye akamva ng'oma zija ankalimbana nazo, kufuna kuziposa ndi mphamvu zake. Anangotsala pang'ono kuwononga pakhosi pake. Amake anamuyang'ana, anaika supuni pansi, anakatenga chikhoti. Amvekere, “Abambo, galimoto.”

Anyamatawo amayeserera m'chipinda chapansi pa fakitale yakale ya nsalu. Amake Saimi analowa, anatseka makutu ndi thonje, anakhala pa bokosi chikwama chili pamwendo monga ali m'basi. Anati aimbe nyimbo imodzi, Saimi angoima pamalo pake. Itatha anaimirira, anapita kwa woimba ng'oma, n'kugwira mbale yachitsulo ija kuti ikhale chete.

Anamufunsa kuti, “Iwe, ukupha njoka?”

Mnyamatayo anati, “Mayi, ndi mmene zimakhalira.”

Iwo amvekere, “Menya, sindikukuletsa. Koma mwana wanga akamakoka mpweya, iwenso uzimva. Makutu unapatsidwa awiri ngati timitengo takoto.”

Otso anaseka mpaka anakhala pansi. Iwo anatembenuka n'kumuuza kuti asaseke, kwaya yake wailemba ngati akufuna kupha anthu, palibe pamene wawasiyira kuti apume. Kenako anafika kwa Saimi. Anamuuza kuti avule nsapato zake zofika m'mawondo zija. Anati, “Maiki anakupatsa kuti ikusenzere katundu, iwe ukuisenza iyo. Imba ngati uli kukhitchini kwathu. Zinazo asiyire awa, ndi ntchito yawo.”

Pansi panali pa simenti, pozizira. Sabata yotsatira amake anakulunga mkeka wanu uja n'kupita nawo. Kuyambira pamenepo unkayenda ulendo umenewo Lachiwiri lililonse, kupita ndi kubwera, ine woyendetsa. Ankawaphikira mabanzi. Anyamatawo ankawatchula kuti Abwana, ndipo akamva nsapato zawo pa masitepe ankabisa zitini za mowa. Mawu a Saimi anabwerera. Ine za nyimbo sindizidziwa, koma tsiku lina ndili pakhomo ndinamva mawu ake akukwera pang'onopang'ono pamwamba pa phokoso lonse lija, osalimbana nalo, ndipo ndinaona kuti ndagwira chitseko mwamphamvu.

Pobwerera tsiku limenelo ndinawafunsa amake ngati mtima wawo wakhala pansi. Tinayenda mpaka pa maloboti. Kenako anati, “Mwamvetsera zimene akuimba? Imfa, mantha, chisanu chosatha, ndi kuwala kobwera mochedwa. Ine ndaimba zomwezo pa limba moyo wanga wonse. Awa angozivalira zikopa.” Ndinati ndiye muwauze a Aune. Anati adzakuuzani mukadzabwera pa Khirisimasi, maso ndi maso, chifukwa pa foni mukanawaseka.

Khirisimasi sanaifike.

Tsopano ndifike povuta. Pa maliro Saimi anaimba m'tchalitchi, munamumva. Pa khofi pambuyo pake munamugwira dzanja n'kumuuza kuti mawu amenewa ndi a m'nyumba ya Mulungu, ndi kuti amake anapita ndi mtima wosweka chifukwa cha kumene iye anawapititsa mawuwo. Ine sindinamve, ndinali ndi abusa. Ndinazidziwa mu Januwale wapitayu. Sindikukuimbani mlandu, achemwali. Munanena zimene munkadziwa, ndipo munali ndi chisoni ngati tonsefe.

Koma chichokere tsiku limenelo Saimi sanaimbenso. Ngakhale pa maliro a anthu ena akukana. Anapeza ntchito m'sitolo ya maluwa. Foni ya Otso sakuyankha. Nditamukakamiza anandiuza chimene chikumudya. Akuti mwina kwa inu n'kumene amake ankanena zoona, ndipo kwa iye ankangopirira, mabanzi ndi zonse zija n'kungobisa misozi. Ndinamuuza za m'galimoto, za “Tabwezerani” zija. Anati, “Adadi, inu ndinu bambo anga. Mukhoza kunena chilichonse kuti ndidye.”

Mwezi watha Otso anabwera ku galaja ndi makapu awiri a khofi. Anzanga ankaganiza kuti wabwera kudzandimenya. Anati gulu lawo laitanidwa ku chikondwerero chachikulu cha nyimbo mu Julaye, pabwalo, pamaso pa anthu zikwizikwi, chinthu chimene akhala akuchilota. Adikira mpaka tsiku loyamba la Meyi. Likadutsa Saimi asanabwerere, ayenera kufuna woimba wina. Amvekere, “Bambo, wina sindikumufuna. Nyimbozi ndinazisoka pa thupi la mawu ake. Koma tili anthu asanu, sindingawaimike onse mpaka kalekale.” Khofi wake sanamwe. Ndinamuuza kuti asafune munthu.

Ndinalonjeza ndisanadziwe chochita. Ndinabwera kunyumba n'kukhala kukhitchini, mapazi ali pa mabowo aja.

Katundu wa a Irja ndinali ndisanamukhudze. Amayi a kumpingo anadzipereka kangapo kuti adzatenge zovala akazipereke ku sitolo ya kaunjika, ine ndinkangoti ndidzakuuzani. Kabati ndinkaidutsa ngati mmene munthu amadutsira galu wogona. Mabuku awo a nyimbo okha ndiwo ndinapereka kwa woimba limba watsopano, chifukwa amenewo ndi a ntchito. Koma tsiku limenelo ndinakumbukira zimene ananena kunyanja, zakuti nsanza m'nyumba muno zilimo zokwanira.

Ndinanola sizasi. Ndinayamba ndi buluku langa lofiirira, kuti asadzanene kuti ndinakana mpaka mapeto. Kenako ndinatsegula kabati. Ndikudula monga amayi ankatiphunzitsira tili ana, ine ndi inu pafupi ndi mbaula: mulifupi mwa chala chachikulu, mozungulira kuti chingwe chisaduke, kuchotsa misoko ndi mabatani, kenako kukulunga mipira, mtundu uliwonse pawokha. Ndinadabwa kuti manja akukumbukira. Malaya a m'munda, siketi yobiriwira ija anavala pa ukwati wa mwana wanu Tapio, maepuloni, diresi la maluwa la m'chilimwe. Chilichonse ndinkayamba ndachigwira kanthawi, kenako n'kudula. Sikunali kophweka, koma kunali kwabwino kuposa kungodutsa kabati.

Lamulungu lapitali Saimi anabwera osandiuza. Anapeza khitchini yonse ili nsanza zokhazokha. Anaima pakhomo ndi chikhoti chake.

Anati, “Adadi, mwapenga?”

Ndinati ayi, ndikugwira ntchito imene amako anandisiyira. Ndinamuuza kuti mkeka wakale watha, ndipo pa siteji ya pabwalo sangaime pa matabwa opanda kanthu, pali zingwe za magetsi ndi misomali. Anati iye siteji yake sakupitako. Ndinati chabwino, ndiye udzakhala wa kukhitchini, koma andigwirire mbali iyi nsalu ikuterera. Anagwira. Tinadula limodzi, chovala ndi chovala.

Chomaliza m'kabati chinali diresi lakuda lalitali limene amake ankavala potsogolera kwaya pa Pasaka. Ndinaliyala patebulo, ndinaika sizasi pa mpendero, dzanja linakana. Ndinayesanso, linakananso. Saimi anandilanda sizasi. Anati, “Mukanadula mokhota. Amayi akanakupheni.” Analidula yekha lonse, bwinobwino, chingwe chimodzi chosaduka kuyambira pansi mpaka paphewa.

Akukulunga mpira wakudawo ndinamva kanthu. Ankang'ung'udza nyimbo chapansipansi, pakamwa pali potseka. Sankadziwa kuti akutero. Ine ndinangoyang'ana pawindo kuti asaone nkhope yanga. Aka kanali koyamba kumva mawu ake chichokere pa maliro.

Pochoka anaima pa mabowo aja, atavala masokosi okha. Mapazi ake akukwanabe ndendende. Anati, “Azakhali sangawombe mkeka woti ukayalidwe pa siteji ya metali.” Ndinati sitinawafunse. Anati, “Akawomba, ndiye kuti akudziwa kanthu kena kamene ine sindikukadziwa.” Anavala nsapato n'kumapita.

Pempho langa ndi limenelo, achemwali. Chowombera cha amayi chili kwa inu, ndipo manja odziwa ndi anu. Mutiwombere mkeka ndi nsanza zimenezi. Usakhale waukulu, mulifupi mwa chitseko, wokwana munthu kuimapo ndi kusuntha phazi. Mitundu muisanje mmene mukuonera, koma chakuda chija chikhale pakati, pamene adzaponde.

Sindikukupemphani kuti mukonde nyimbo zawo. Inenso mpaka lero mutu umandiwawa. Sindikukupemphani kuti mubwere mu Julaye, ngakhale malo m'galimoto alipo. Ndiponso sindikukupemphani kuti muname. Mungokumbukira kuti mafoni olira aja anali a chaka chiti, ndi kuti analeka liti. Inu nokha ndi amene mukudziwa zimenezo, ndipo kwa inu nokha ndi kumene mwanayu angazikhulupirire. Ngati mungathe kumuuza, muuzeni. Ngati pakamwa pakulemera, mkeka wokhawo udzayankhula. Chibale ndi fupa, ankatero bambo.

Thumba la nsanzazi ndilikweza basi ya Lachiwiri, alamu akalilandire pa siteshoni. Ndi lolemera, asalinyamule okha. Muli zonse za m'kabati, palibe chimene ndabweza. Ndangosunga chikwama chawo cha m'manja. Nditachitsegula ndinapezamo mapepala a basi, maswiti a pakhosi, ndi thonje lotsala lija la m'makutu. Thonjelo ndi langa tsopano. Tikiti ya Julaye ndagula kale, ndipo ndidzaima kutsogolo.

Mtima wanu ukakana, kapena bondo likakana kuponda chowombera, sindidzakwiya. Mungochipukuta fumbi ndi kundimangira ulusi. Tchuthi cha Pasaka ndapempha kale. Ndidzabwera ndidzawombe ndekha, inu mutakhala pambali n'kumandikalipira monga kale. Udzatuluka wokhota, mbali ina yonenepa, ina yowonda. Koma Meyi asanafike ndidzakauyala pa simenti ija, ndipo ndidzakamutenga mwanayo ku sitolo ya maluwa.

Mundiperekere moni kwa alamu a Veikko, muwauze kuti nsomba zouma zija zinafika ndipo ndinadya ndekha. Moni kwa Tapio ndi apongozi anu, ndi kwa tidzukulu tonse. Kwa amalume a Eino ku nyumba ya okalamba, ngati akundikumbukirabe. Mukapita kumanda a amayi ndi bambo mukayatse kandulo ina m'dzina langa.

Kabati ndaisiya yotsegula. Muli mahang'ala okhaokha, ndipo ndikamadutsa sindikuyang'ananso kumbali.

Tsalani bwino. Ndine mlongo wanu,

Kalevi